Mnyamata wa ku Mbare amene onse ankati wayamba mutoriro

Lipoti ili ndalembera anzanga opereka uphungu m'mabanja a kwathu muno mu Harare, makamaka amene nkhani zimatifikira kudzera m'mipingo. Maina ndawachotsa, ndipo tinthu tina timene tikanaloza banjali ndatisintha. Bambo wa banjali komanso mnyamatayo onse anavomera kuti ndilembe.

Banja ndi dandaulo

Nkhaniyi inandipeza mu Meyi 2023. Anabwera nayo ndi mayi wina wa Chigwirizano pa mpingo wina wa CCAP, amene amagulitsa moyandikana ndi agogo a mnyamatayo. Sanachulutse gaga m'diwa: mwana wayamba mutoriro (mankhwala ozunguza bongo osuta, otchedwa crystal meth pa Chingerezi), bambo ake amupweteka ndi lamba, fulumirani.

Mnyamatayo anali ndi zaka 16, ali Form 4 pa sukulu ina ya boma. Kwawo ndi m'chipinda chimodzi m'nyumba zosanjikizana za ku Mbare, zija anamanga atsamunda kuti muzigona amuna obwera kudzagwira ntchito opanda mabanja awo. Lero m'chipinda chotero mumakhala banja lonse. Mwawo munali anthu anayi: bambo, agogo aakazi obereka bamboyo, mnyamatayo, ndi mlongo wake wa zaka 9. Chipinda anachigawa ndi katani ndi kabati. Bambo ndi mlonda wa usiku pa kampani ina ku Graniteside. Amanyamuka dzuwa likupendeka, kubwerako ana atapita kale kusukulu. Agogo amagulitsa tomato ndi masamba. Mayi anapita ku Johannesburg mu 2019 kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo chipitireni anali asanabwereko.

Agogo anabwera kuno ali kamtsikana nthawi ya Chitaganya, kuchokera ku Ntcheu. Makolo a mayi anachokera ku Dedza n'kukakhazikika pa famu ina cha ku Mazowe. Bambo ndi mayi onse anabadwira muno. Pakhomo akulu amalankhula Chichewa, ana amamva koma amayankha m'Chishona, monga zilili m'mabanja athu ambiri ku Mbare, Mufakose ndi Epworth.

Zimene bambo anandifotokozera ndi izi. Kuyambira chakumayambiriro kwa chaka mwana anasiya kulankhula pakhomo. Akabwera amangodzikuta bulangeti, nsima kudya yekha usiku ena atagona. Mu Epulo ndalama za katundu wa agogo, madola 20 a ku America, zinasowa m'chitini. Kenaka mphunzitsi anatumiza uthenga woti mwanayo sanaoneke m'kalasi kuyambira mu Febuluwale, pamene tsiku lililonse ankatuluka atavala yunifolomu. Bambo anamulondalonda n'kukamupeza pa base ina kuseri kwa nyumbazo, pamene aliyense amadziwa kuti pamasutidwa mutoriro. Anamukoka mpaka kunyumba, kumukwapula ndi lamba, kumulanda foni, ndipo anayamba kukhoma chitseko ndi loko wa kunja akamapita kuntchito, makiyi n'kusiyira agogo kudzera pawindo. Amalume a mnyamatayo, amene amakhala ku Dzivarasekwa, anali atagamula kale kuti mwana apite ku Dedza akaone moyo wakumudzi.

Bamboyo sanali munthu wankhanza. Anali munthu wamantha. Anandiuza kuti pa mzere wawo womwewo pali mnyamata wina amene anayamba bwino sukulu, lero amayenda akulankhula yekha, atagulitsa ndi mapoto omwe a mayi ake. "M'mera mpoyamba, amayi," anatero, "ineyo ndinachedwa."

Zimene ndinapeza

Ndinapempha kuonana ndi mnyamatayo payekha, kuofesi ya mpingo, osati m'chipinda cha katani muja mmene chifuwa cha wina chimamveka kwa onse. Ndisanafunse kanthu ndinamuuza malire a chinsinsi: zimene anene sizikafika kwa bambo ake kudzera mwa ine, pokhapokha moyo wake kapena wa wina utakhala pangozi, ndipo zikatero ndidzayamba ndamuuza iyeyo. Tinalankhula m'Chishona chosakaniza, chifukwa Chichewa kwa iye chinali chitasanduka chilankhulo chokalipiridwa.

Ndinatsata ndondomeko ya mafunso imene ambiri timaidziwa ndi dzina loti HEEADSSS: kuyamba ndi zakunyumba, kenaka sukulu, kadyedwe, zochita ndi anzake, ndipo za mankhwala, zibwenzi, maganizo odzipha ndi chitetezo kumalizira. Dongosololi lili ndi nzeru yake. Mwana amene wabwera akuyembekezera kufunsidwa za mutoriro amakhala atakonzekera kukana. Ukamufunsa kuti amagona mbali iti ya katani, amadabwa, n'kuyankha.

Thupi lake silinkagwirizana ndi mlandu umene ankamuimba. Wosuta mutoriro amatha masiku osagona, njala imamuthera, amawonda msanga, amayakayaka, ndipo ambiri amayamba kukayikira aliyense. Uyu ankagona kwambiri, ankadya ngakhale mobisa, sanawonde, ndipo kalankhulidwe kake kanali kozizira. Titafika pa za mankhwala anavomera yekha kuti amamwa bronco, mankhwala a chifuwa aja a BronCleer okhala ndi codeine amene amalowa mozemba kuchokera ku South Africa. Ankagawana botolo ndi anzake, makamaka Lachisanu ndi Loweruka. Izi zinafotokoza kuwodzera kuja ndi kudzimbidwa kumene ankadandaula. Mutoriro anati anauona ukusutidwa m'kagalasi ka babu, anaopa. Ndinamukhulupirira, koma ndinalembabe kuti namwino amuone.

Pa mafunso 14 a Shona Symptom Questionnaire, oyezera kuvutika maganizo, amene anakonzedwa muno mu Harare m'zaka za m'ma 1990 ndipo agogo opereka uphungu mu pulogalamu ya Friendship Bench amawagwiritsa ntchito, anayankha inde pa 10. Malire amene iwo amatsata ndi 9: wofika pamenepo kapena kupitirira akufunika thandizo. Ndinamufunsa mosapita m'mbali ngati anaganizapo zodzipha. Anati usiku wina ndi wina, chitseko chitakhomedwa, amaganiza kuti bola kungofa, koma njira sanakonzepo. Apa ndipomwe ndinamukumbutsa za malire a chinsinsi aja. Tinagwirizana kuti agogo auzidwe, iye alipo. Madzulo omwewo agogo anachotsa m'nyumba mankhwala a makoswe amene ankasunga pamwamba pa kabati, ndipo mnyamatayo anasunga pamtima nambala ya Childline, 116, imene imaimbidwa ulere.

Chenicheni chinatuluka titabwerera ku nkhani ya sukulu. Kumayambiriro kwa Form 4 ana amalembetsa mayeso a ZIMSEC a O Level, ndipo pamafunika chiphaso chobadwira. Iye analibe. Pa Grade 7 anadutsa ndi kalata yolonjeza kuti chiphaso chikubwera, koma sichinabwere. M'mawa uliwonse mphunzitsi ankawerenga maina a amene sanabweretse. Mainawo ankachepa mpaka linatsala lake lokha, ndipo kumbuyo kwa kalasi kunayamba kumveka mawu aja tonse tinakula tikuwamva, oti mubhurandaya (wa ku Blantyre), wopanda mutupo (wopanda mfunda). Anafunsa bambo ake. Bambo anati akonza. Atafunsanso anamukalipira kuti asiye kulowerera za akulu. Ndiye anaganiza yekha kuti ngati mayeso salemba, kupita kusukulu n'kwachiyani. Ankatuluka ndi yunifolomu, kukavula kwa mnzake, n'kumakathandiza mahwindi, anyamata a pa renki, kuyitanira makombi (maminibasi) kuti apeze ya buledi. Anzake a pa base anawapeza kumeneko.

Madola 20 a agogo aja sanagulire mankhwala. Anandionetsa kapepala kamene ankasunga m'sokosi, kopindidwa kanayi, kakuda ndi thukuta. Panali dzina lake, tsiku lobadwa, ndi chidindo chofufutika chosawerengeka. Anapatsidwa ndi dobadoba wina amene anakumana naye m'tauni, amene analonjeza kuti chiphaso chituluka pasanathe sabata. Nambala ya foni imene munthuyo anamupatsa inasiya kugwira tsiku lotsatira. Mwanayo analola kutchedwa wakuba ndi wosuta mutoriro kusiyana n'kuulula kuti anapusitsidwa, komanso kuti anayesa kuchita yekha zimene bambo ake analephera.

Bambo nditaonana nawo paokha sindinawauze chilichonse mwa izi. Ndinangofunsa mafunso amene ndimafunsa banja lililonse la kwathu, limodzi mwa iwo n'loti kodi ana onse ali ndi ziphaso. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anafotokoza kuti iwo chitupa ali nacho, koma akazi awo sanakhalepo ndi pepala lililonse, chifukwa anabadwira pa famu ndipo makolo awo sanawalembetse. Kakhadi kakuchipatala kamene anali nako kanatayika mu 2005, nthawi ya Murambatsvina, ntchito ya boma yogumula nyumba zimene linkati n'zosaloledwa, pamene kanyumba kamene ankachita lendi kanagumulidwa. Mwana atabadwa mu 2007 anayesa kumulembetsa, anauzidwa kuti pakufunika chitupa cha mayi, basi anatayirira. Nkhaniyi ankaiona ngati manyazi a mwamuna, osati youza mwana.

Pempho langa kwa anzanga n'lakuti funso la chiphaso lisamasowe pa fomu yathu yoyamba. M'mabanja ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, mwana wa Form 3 kapena Form 4 akangoyamba kujomba popanda chifukwa chooneka, funsani zimenezi musanafunse za base.

Zimene tinasankha, ndi zifukwa zake

Bambo ndi amalume ankafuna mwana atsekeredwe kumalo osiyitsa mankhwala, zikalephereka apite ku Dedza. Ndinakana zonse ziwiri. Namwino wa pa kiliniki ya khonsolo atamuona anagwirizana nane kuti thupi lake linali lisanazolowere codeine mpaka pofuna kugonekedwa, ndipo anamuika pa ndondomeko yomuona mwezi ndi mwezi. Kumuika pakati pa anthu okhwima pa mankhwala kukanamuphunzitsa zambiri kuposa zimene ankadziwa, ndiponso kukanamutsimikizira kuti pakhomo pake palibe womufuna.

Za lamba sindinazibise. Mikwingwirima inali itapola koma inkaoneka. Ndinauza bambo pamaso kuti ndidziwitsa Case Care Worker wa m'deralo, mmodzi wa anthu odzipereka aja amene amalumikiza madera ndi dipatimenti ya boma yoona za chisamaliro cha anthu. Anakwiya. Anati lamulo la maphunziro la 2020 litaletsa chikwapu kusukulu ndi pamene ana anapulukira, tsopano tikufunanso kulowa m'nyumba zawo. Sindinatsutsane nawo za malamulo. Ndinawafunsa kuti chimukwapulireni, mwana wawauza chiyani chatsopano. Anati palibe, ndipo wasiyiratu n'kuwayang'ana komwe. Loko wa kunja ndinati achoke tsiku lomwelo, chifukwa m'nyumba zosanjikizana zija moto ukabuka, anthu atatu okhomeredwa alibe potulukira. Pamenepo sanalimbane nane.

Chosankha chachikulu chinali chakuti nkhani ya chiphaso ndi ya dobadoba ndisaipereke ine kwa bambo, ngakhale kuti kutero kukanafupikitsa zinthu. Mu 2000 akatswiri awiri ogwira ntchito ku Sweden, Håkan Stattin ndi Margaret Kerr, atafunsa ana a zaka 14 ndi makolo awo, anapeza kuti zambiri zimene kholo limadziwa za mwana wake wachinyamata zimachokera kwa mwanayo akamanena yekha, osati pa kulondalonda ndi kufunsa kwa kholo. Ku Sweden n'kutali ndi ku Mbare, koma ndaziona zikugwira kunonso. Bambo uyu anafufuza m'thumba, m'foni, mpaka pa base, ndipo zonse zimene anapeza zinamusocheretsa. Ndikanakhala ine wonyamula uthenga, mwana akanaphunzira kuti zovuta amauza mlangizi, mlangizi n'kukauza bambo. Ine ndi wodutsa m'banjamo. Njira yofunika kutsegula inali yochoka kwa mwana kupita kwa bambo ake.

Koma anthu amene sanachezepo kwa zaka sungawakhazike pansi n'kuti yambani ndi nkhani yovuta kwambiri. Ndinabwereka mfundo yoyamba ya pulogalamu ya Parenting for Lifelong Health ya achinyamata, imene inayambira ku South Africa ndi dzina loti Sinovuyo: kholo ndi mwana azikhala ndi nthawi yawoyawo, yodziwika, yopanda milandu. Vuto linali kupeza nthawiyo kwa mlonda wa usiku. Anaipeza ndi agogo. Loweruka lililonse m'mamawa amakapikula tomato ku Mbare Musika, ndipo miyendo inali itayamba kuwavuta. Anati bambo akaweruka azidzera kumsika, mdzukulu azikawadikira kumeneko, katundu azinyamula awiriwo. Lamulo ndinaika limodzi lokha: pa ulendowu pasamveke funso la sukulu, la anzake kapena la mankhwala. Bambo anandifunsa kuti nanga azikamba chiyani. Ndinati ngakhale osakamba kanthu.

Foni ndinapempha kuti ibwezedwe. Ndi mmene ankalankhulira ndi mayi ake, ndiponso 116 sangaimbe popanda foni. Anagwirizana kuti ikakwana 10 koloko usiku izigona kwa agogo. Achinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo pa msinkhuwu tulo timabwera mochedwa mwachibadwa, choncho foni ya pansi pa bulangeti imangowonjezera vuto. Mnyamatayo anavomera chifukwa ola anatchula yekha.

Pamene zinthu zinatembenukira

Maulendo oyamba a kumsika anali a anthu awiri onyamula bokosi limodzi osayang'anana. Kusintha kunayamba ndi kanthu kakang'ono. Bambo anali akunenerera mtengo wa tomato kwa mlimi wina wa ku Mutoko, ali ndi yunifolomu yawo ya ulonda, maso ali psuu ndi tulo, mlimi osatsika. Mwana analowererapo ndi Chishona cha pa renki chija, kumuseketsa mlimiyo, kutembenuza bokosi kuti aone owonongeka apansi, mpaka mtengo unatsika. Bambo atandifotokozera anati, "Mwana ujatu amadziwa malonda kuposa ine." Ndinawafunsa ngati anamuuza. Anati ayi, angadzimve. Ndinawapatsa ntchito yoti akamuuze mawu omwewo. Anakamuuza Loweruka lotsatira, akumwa tiyi chiimire, ndipo mwanayo anandiuza pambuyo pake kuti anaganiza kuti bambo ake aledzera.

Chakumapeto kwa Juni mnyamatayo anati wakonzeka kunena. Tinayeserera kaye awiri, ine ndikukhala ngati bambo. Bambonso ndinawakonzekeretsa kuti mwana ali ndi mawu, ndipo ntchito yawo ndi kumva mpaka amalize. Pa tsikulo anayamba m'Chishona, koma pofika pa madola 20 anasinthira ku Chichewa chake chothyokathyoka. "Ababa, ndalama za agogo ndinatenga ndine. Ndimafuna chiphaso." Anaika kapepala kaja patebulo.

Bambo anakatenga, kukayang'ana mbali zonse, n'kudzuka kutuluka osanena kanthu. Mwana anayamba kunjenjemera. Apa mlangizi amalakalaka kuthamangira kholo kukalibweza. Ndinatsala ndi mwana, chifukwa ndiye anali pangozi, ndipo ndinamuperekeza kwa agogo kumsika n'kuwapempha kuti asamusiye yekha usikuwo. Bambo anajomba kuntchito tsiku limenelo. M'mawa mwake anafika kuofesi ndi mwana wawo, atanyamula jumbo ya mapepala: chitupa chawo, makhadi a ubatizo, khadi la sikelo la mwanayo, kalata yakale ya sukulu. Anazikhuthulira patebulo n'kunena kwa mwana, osati kwa ine, "Zonse zimene ndili nazo ndi izi. Ndinalephera, mwana wanga. Tiye tione pamodzi." Kupepesa kwa lamba sikunabwere tsiku limenelo, ndipo sindinakukakamize.

Apa m'pamene kudziwa malamulo kumathandiza mlangizi. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, omwewo amene anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, amanena mu ndime 43 kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala muno pamene malamulowo ankayamba, ndi nzika yobadwa. Ndime 81 imapatsa mwana wobadwira muno ufulu wolandira chiphaso chobadwira mosachedwa. Bamboyo anali akuyendabe ndi mantha a zaka zija zitupa za anthu athu zinkalembedwa kuti ndi alendo. Njira inali yoti mayi ayambe alembetsa iwo, ndi mboni ya m'banja lawo, kenaka ana.

Mboni imeneyo inali amalume omwe aja. Ena anandilangiza kuti ndiwalambalale poti ndi ovuta. Koma pa mwambo wathu mwini mbumba salambalalidwa, ndipo ukatero amakabwezera pa mwana. Tinawaitana. Anafika atakonzeka. "Alamu, mwanayu ndi wa kwathu. Mwamulephera, ndipatseni." Sindinawatsutse. Ndinawafunsa kuti mwana wopanda chiphaso, wopanda pasipoti, adutsa bwanji pa Nyamapanda, kupyola Tete, kukalowa ku Malawi, ndipo akakafika kumene sanapondeko chibadwire adzalembera mayeso pa pepala liti. Anaseka, n'kuti zimenezo sanaziganize. Zinapezeka kuti iwo chitupa cha unzika anatenga kale malamulo atsopano atabwera. Kuchokera tsikulo nkhani ya mapepala anaitenga ngati yawo, ndipo za ku Dedza sizinamvekenso. Munthu wofuna udindo m'banja, m'patseni udindo weniweni.

Mu Julayi zinabwerera m'mbuyo. Mayi anali atalonjeza kubwera mu Ogasiti, kenaka anatumiza uthenga pa WhatsApp woti sangathe. Analibe mapepala ku South Africa, ndipo kudutsa pa Beitbridge kunali kuika pachiswe ntchito yawo ndi njira yobwerera. Mwana anamva kuti mayi ake asankha ntchito. Anasowa tsiku lonse, n'kubwera pakati pa usiku wozizira atamwa bronco, akulephera kutsegula maso. Agogo anaimbira bambo kuntchito. Bambo anapempha mnzawo kuti awagwirire, anafika, anamugoneka chammbali, n'kukhala pambali pake akuyang'anira kapumidwe kake monga namwino anawalangizira. Lamba anali m'chiuno, ndipo sanamuvule. Kutacha anamufunsa funso limodzi, loti chinamupweteka n'chiyani. Mwana anayankha.

Kwa ine usiku umenewu ndi umene unaonetsa kuti ntchito yagwira, kuposa tsiku la kapepala lija. Makolo ndimawauziratu kuti kubwereranso ku mankhwala kumachitika, ndipo timakonzeratu zoti adzachite: kumugoneka chammbali, kuthamangira kuchipatala ngati akupuma movutikira kapena sakudzuka, milandu kudikira kuti mutu uyere. Kholo limene silinachenjezedwe limaona ngati uphungu wonse unali bodza, n'kubwerera ku lamba ndi mphamvu ziwiri. Chilango chinalipo: anagwirizana kuti kwa mwezi umodzi azifika pakhomo bambo asananyamuke kupita kuntchito, ndipo madola 20 a agogo awabweze pogwira ntchito pa benchi lawo. Ulendo wa Loweruka ndinati usakhudzidwe ndi chilango chilichonse, ulakwe bwanji mwana.

Zotsatira

Nthawi yolembetsa mayeso a 2023 inali itapita kale. Bambo ndi amalume anakaonana ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo mu Sepitembala mnyamatayo anabwerera kusukulu, kulowa Form 3 ndi ana ocheperapo msinkhu. Zinamuwawa, ndipo masabata oyamba anajombako. Chimene chinasintha n'chakuti akajomba ankanena yekha pa tiyi wa kumsika, bambo osafunsa.

Mayi anabwera mu Disembala. Ndi mchimwene wawo ngati mboni analembetsa, n'kulandira chiphaso chobadwira ndi chitupa ali ndi zaka zoposa 40. Ana onse awiri analembetsedwa pambuyo pake, ndipo mnyamatayo anatenganso chitupa chake, poti zaka 16 anali atadutsa. Sizinayende tsiku limodzi, ndipo amalume ndiwo ankadzuka usiku kukagwira malo pamzere. Mu 2024 analembetsa mayeso pa nthawi yake. Mafunso 14 aja titawabwereza chapakati pa chaka anayankha inde pa 4, ndipo maganizo a imfa anati anasiya kumubwerera. Bronco anavomera kuti anamwanso kamodzi pa phwando la mnzake. Namwino anamutulutsa pa ndondomeko yake chisanathe chaka.

Moto utawononga gawo la Mbare Musika mu Okutobala 2024, agogo anaima kaye malonda, ndipo ulendo wa Loweruka unatha wokha mayeso ali pakhomo. Ndinada nawo nkhawa. Awiriwo anakonza okha kuti mwana aziperekeza bambo madzulo ena mpaka pamene amakwerera, n'kubwerera kukawerenga. Zotsatira zitatuluka kumayambiriro kwa 2025 anakhoza maphunziro anayi, Chingerezi chili momwemo, masamu ndi sayansi n'kulephera. Kuno ntchito zambiri ndi makoleji amafuna maphunziro asanu, choncho akubwereza masamu, uku akuphunzira kuwotcherera zitsulo kwa mmisiri wina ku Siyaso.

Chimene sichinakonzeke ndi cha iye ndi mayi ake. Mayi anabwerera ku Johannesburg, ndipo mafoni awo akadali ofunsa ngati wadya, ngati wawerenga, ndi kumene ndalama zapita. Mwana amayankha mawu amodziamodzi n'kupereka foni kwa mlongo wake. Mayiwo anandidandaulira kuti amatuluka thukuta chifukwa cha ana amene sawathokoza, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Ndayamba kucheza nawo pa WhatsApp Lamlungu masana, pamene abwana awo amawapatsa mpata, ndipo tagwirizana kuti pa mafoni awiri aliwonse imodzi izikhala yopanda funso la sukulu kapena la ndalama, iwo azifotokoza za tsiku lawo. Mnyamatayo wavomera kumamvetsera, koma wati kuyankhapo sakulonjeza. Fayilo ya banjali ndaisiya yotsegula, ndipo mlongo wake, amene akuyandikira Grade 7, ndamulemba kuti ndionane naye payekha temu ikubwerayi.